Kubwerera Kusukulu Mutakula Kukaphunzira Malamulo: Ufulu Wanu, Njira Zake ndi Udindo Wake

Kuchokera ku Sadzi kukafika ku Chirunga si ulendo woti munthu n'kunyamula kamba. Ku Chirungako ndi komwe maloya ndi majaji ambiri a dziko lino adasulidwira, kuyambira pomwe Chancellor College idasamukira ku Zomba m'chaka cha 1973 mpaka lero pamene ikutchedwa University of Malawi. Mumzinda womwewu muli bwalo lalikulu la milandu, mabwalo a majisitireti, ofesi ya Legal Aid Bureau, likulu la bungwe loyendetsa mayeso la MANEB, komanso ndende yaikulu ya Zomba yomwe idamangidwa mu 1935. Zonse zokhudza malamulo zili pakhomo, komabe anthu ambiri a ku Sadzi, Chinamwali, Matawale ndi Mpondabwino amafika pa zipata zimenezi pokhapokha zitawavuta.

Pakati pawo pali amayi ndi abambo amene anzawo amawadalira nkhani ikakula. Pabwalo la amfumu, pa zokambirana za chuma cha masiye, mu banki mkhonde ndalama zikasowa, mumamva anthu akuti, "Kaitaneni mayi uje, ndiwo amatha kuyala nkhani." Ambiri mwa anthu oterewa sukulu adalekera panjira: wina fizi idasowa ali Fomu 2, wina adatenga pathupi, wina bambo ake atamwalira adayamba geni kuti alere abale ake. Lero ali ndi zaka 35 kapena 45, mtima ukufunabe sukulu, ndipo chomwe chimawakoka ndi malamulo ndi ufulu wa anthu. Nkhani ino ndi yawo. Msinkhu sutsekera munthu pakhomo la sukulu, njira zolowera m'ntchito za malamulo zilipo zingapo, ndipo amene wadziwa malamulo amakhala ndi ngongole kwa anthu a kwawo.

Kodi malamulo akuti chiyani za wamkulu wofuna kuphunzira?

Malamulo aakulu oyendetsera dziko lino, omwe adayamba kugwira ntchito m'mwezi wa Meyi 1994, ali ndi mutu 4 wonena za ufulu wachibadwidwe. Gawo 25 likuti anthu onse ali ndi ufulu wa maphunziro. Silikutchula ana okha, silikuika malire a zaka. Gawo 13, lomwe limalondolera boma pa mfundo zoyendetsera dziko, likulamula boma kuika chuma pa maphunziro pofuna kuthetsa kusadziwa kulemba ndi kuwerenga, komanso kutsegula mwayi wa maphunziro apamwamba ndi maphunziro opitiriza. Maphunziro opitirizawo ndi a inu amene mudalekera panjira.

Gawo 20 limaletsa tsankho lamtundu uliwonse: la mtundu wa munthu, chilankhulo, chipembedzo, ulumali, chuma, kaya kukhala mwamuna kapena mkazi. Gawo 24 limawonjezera kuti mayi asasalidwe chifukwa choti ndi mkazi, kapena chifukwa choti ali pabanja kapena sali pabanja. Lamulo la Gender Equality Act la 2013 lidapita patsogolo: limafuna kuti m'sukulu zaukachenjede amuna kapena akazi asachepere 40 kapena kupitirira 60 pa ophunzira 100 aliwonse, ndipo limati kuvutitsa munthu pomufuna zachisembwere ndi mlandu. Mphunzitsi amene angauze wophunzira kuti akhoza mayeso pokhapokha agone naye akuphwanya lamulo limeneli. Kwa atsikana amene adasiya sukulu chifukwa cha mimba, Unduna wa Zamaphunziro uli ndi ndondomeko yowalola kubwerera m'kalasi kuyambira mu 1993.

Gawo lina lofunika kulisunga pamtima ndi 43. Limati ofesi ya boma ikapanga chiganizo chokhudza ufulu wanu, ichite motsata malamulo ndi mwachilungamo, ndipo ikupatseni zifukwa zake molemba. Sukulu ya boma ikakuchotsani kapena ikakulandani malo omwe idakupatsani, musangobwerera kunyumba mukung'ung'udza. Pemphani kalata yofotokoza chifukwa.

Tisanamizane: ufulu wa maphunziro sutanthauza kuti aliyense apatsidwa malo ku yunivesite. Malo ndi ochepa, ofuna ndi ambiri, ndipo amasankha potengera kukhoza. Chomwe malamulo akukutsimikizirani n'chakuti mupikisane nawo mofanana ndi ena, ndipo wina asakubwezeni pakhomo chifukwa cha imvi, ana kapena chitenje.

Adayambira ku Domasi

Amene akukayika ngati munthu angayambe malamulo atakula ayang'ane mbiri ya Orton ndi Vera Chirwa, yomwe mbali yake yaikulu idachitikira m'boma lino la Zomba. Orton Chirwa adabadwa mu 1919. Adali mphunzitsi wa aphunzitsi ku Domasi, ali ndi mkazi ndi ana, pomwe adanyamuka kukaphunzira malamulo ku London. Adabwerako mu 1958 ali pafupi kukwanitsa zaka 40, n'kukhala loya woyamba wachikuda m'dziko la Nyasaland. Mu 1959 adayambitsa chipani cha Malawi Congress Party, ndipo pambuyo pake adakhala nduna ya zachilungamo. Mkazi wake Vera, wobadwa mu 1932, adayamba ndi ntchito ya ukalaliki. Malamulo adakawaphunzira m'zaka za m'ma 1960 ali kale mayi wa ana, ndipo adakhala loya woyamba wamkazi wa ku Malawi.

Orton atasemphana maganizo ndi Dr Hastings Kamuzu Banda pa mkangano wa nduna wa mu 1964, banjali lidathawira ku Tanzania. Pa 24 Disembala 1981 awiriwa adagwidwa kum'mawa kwa Zambia n'kubwezedwa kuno. Adazengedwa mlandu woukira boma m'bwalo la mafumu, komwe maloya sankaloledwa kuimira munthu. Taganizani: maloya awiri odziwika, koma osaloledwa kukhala ndi wowaimira. Mu 1983 adagamulidwa kuti aphedwe, ndipo chaka chotsatira chilangocho chidasinthidwa kukhala ndende moyo wonse. M'ndende ya Zomba adawatsekera kosiyana, moti adatha zaka 8 osaonana, kufikira mu 1992 pomwe maloya ochokera ku Britain adabwera kudzawayendera. Orton adamwalira m'ndendemo mu Okotobala chaka chomwecho. Vera adatulutsidwa mu Januwale 1993, ndipo sadapite kukapuma. Adayambitsa bungwe la Malawi CARER lophunzitsa ndi kulangiza anthu wamba za ufulu wawo, ndipo pambuyo pake adatumikira m'bungwe la African Commission on Human and Peoples' Rights, komwe adapatsidwa ntchito yoyendera ndende za mu Africa.

Mukamawerenga gawo 42 la malamulo athu, lonena za ufulu wa munthu womangidwa, dziwani kuti olemba ake adali ndi mbiri ngati imeneyi m'maso mwawo, pamodzi ndi ya anthu ambiri amene adatsekeredwa kundende ya Mikuyu zaka zochuluka osaonekera kukhothi. Gawo limeneli lidabadwa m'misozi ya anthu enieni.

Yambirani pomwe mudalekera

Amene sadaphunzire kulemba ndi kuwerenga ayambire kusukulu za kwacha. Amene adalekera kusekondale ali ndi masukulu a open, omwe amaphunzitsa masana ophunzira ena akaweruka, m'makalasi omwewo a sekondale za boma, komanso maphunziro a patali a Malawi College of Distance Education. MANEB imalola munthu amene sali pasukulu tsiku ndi tsiku kulembetsa mayeso a MSCE kudzera pa sukulu yomwe ndi malo olembera mayeso. Amene ali ndi satifiketi yakale yosakhoza bwino akhoza kulembanso kuti akweze magiredi.

Apa ndi pomwe ambiri amagwa ulesi, ndipo chowagwetsa si masamu kapena Chingerezi. Ndi manyazi. Bambo wa ndevu zake kukhala pa desiki ndi ana a msinkhu wa mwana wake, mawondo akugunda thabwa, mphunzitsi amene adamuona akukula akumufunsa funso pamaso pa onse. Mayi kuchoka pamsika atagulitsa tomato kuyambira m'mawa, kope lili m'kachikwama pamodzi ndi ndalama zosintha, n'kukafika m'kalasi manja akununkhabe anyezi. Sabata zoyamba anthu amaseka ndithu. Koma kuseka sikukhalitsa, ndipo ana omwewo amayamba kubwera kudzafunsa nzeru kwa amene adamuseka.

Yunivesite za boma zimafuna makirediti 6 a MSCE, kuphatikizapo Chingerezi. Kwa wofuna malamulo, Chingerezi ndiye phata, chifukwa malamulo athu amalembedwa m'Chingerezi ndipo makhothi amazenga milandu m'chilankhulo chimenechi. Zimafunikanso kuzolowera kuwerenga masamba ambiri osatopa. Yambani lero ndi nyuzipepala, ndipo kalembetseni ku laibulale ya National Library Service ya mumzinda uno.

Palinso khomo la akuluakulu, lomwe ku yunivesite amalitcha mature entry. Khomo limeneli ndi la anthu amene adamaliza sekondale kale, ali ndi dipuloma yovomerezeka ndipo agwirapo ntchito zaka zingapo. Ku Chirunga, kwa zaka zambiri, sukulu ya malamulo sinkatenga ophunzira kuchokera ku Fomu 4 mwachindunji. Munthu ankayamba waphunzirako maphunziro ena a pa yunivesite, kapena kukhala ndi digiri kale, kenako n'kulemba mayeso olowera. Choncho m'kalasi la malamulo si chachilendo kupeza mphunzitsi, wapolisi kapena kalaliki wa kukhothi amene wabwerera kusukulu. Zofunika polowa zimasinthidwa nthawi ndi nthawi, ndiye werengani chilengezo cha chaka chimene mukufunsira malo, osadalira zomwe adakuuzani mnzanu amene adalowa kale.

Digiri ya malamulo imatenga zaka 4. Imapezekanso ku Catholic University of Malawi ku Nguludi. Palinso dipuloma ya malamulo, yomwe imatenga nthawi yochepa ndipo yathandiza anthu ambiri apantchito. Musanapereke ndalama kusukulu iliyonse, funsani ku bungwe la National Council for Higher Education ngati sukuluyo ndi maphunziro akewo ndi ovomerezeka. Gawo 25 limalola sukulu zomwe si za boma pokhapokha zitalembetsedwa ndipo maphunziro ake asachepere pa a boma. Safunsa adadya phula: pali anthu amene adagulitsa malo kulipirira pepala lomwe palibe ofesi imalilandira.

Pa nkhani ya fizi, boma lili ndi bungwe la Higher Education Students' Loans and Grants Board, lomwe lidakhazikitsidwa mu 2015. Limabwereketsa ndalama kwa ophunzira osowa, koma lili ndi malamulo ake a yemwe angalandire, ndipo si wolowera khomo lililonse amene amayenera. Kafunseni musanawerengere ndalama imeneyi. Kumbukiraninso kuti ndi ngongole. Mukayamba ntchito mudzabweza kuti enanso aphunzire.

Digiri payokha sikupanga munthu kukhala loya. Lamulo la Legal Education and Legal Practitioners Act lidakhazikitsa sukulu ya Malawi Institute of Legal Education yosula omaliza digiri pa ntchito yeniyeni ya uloya ndi kuwalembetsa mayeso. Kenako munthu amapempha kwa mkulu wa majaji kuti amuvomereze, amalowa m'bungwe la Malawi Law Society, ndipo amatenga chiphaso chomwe amachikonzanso chaka ndi chaka. Ulendo wonsewu, kwa woyambira ku Fomu 3, ndi wa zaka zambiri. Khalani pansi ndi akunyumba kwanu muuone bwino: ndani aziyang'anira geni, ndani aziphikira ana, fizi ya ana ndi yanu zichokera kuti. Mwamuna kapena mkazi amene wamva dongosolo lonse kuyambira pachiyambi savuta ngati amene wangoona mnzake akutuluka ndi mabuku.

Si onse ayenera kuvala gauni

Ntchito za malamulo si uloya wokha. Mamajisitireti ambiri a m'mabwalo aang'ono si maloya. Ndi anthu a dipuloma ya malamulo. Milandu yambiri ya m'mabwalo amenewa imaimiridwa kumbali ya boma ndi apolisi ophunzitsidwa ntchitoyo. Pali makalaliki ndi omasulira a m'makhothi, ofufuza madandaulo ku ofesi ya Ombudsman ndi ku Malawi Human Rights Commission, alangizi a zosamalira anthu, ndi ogwira ntchito m'mabungwe omenyera ufulu.

Koposa onse, pali ma paralegal, anthu ophunzitsidwa malamulo okwanira kulangiza ndi kulondolera anzawo ngakhale si maloya. Ntchito imeneyi Malawi adatchuka nayo. Mu 2000 kudayamba gulu la Paralegal Advisory Service mothandizidwa ndi bungwe la Penal Reform International, ndipo mu 2007 lidakhala bungwe loima palokha la PASI. Ma paralegal ake amalowa m'ndende ndi m'mapolisi. Amasonkhanitsa akaidi a pa rimandi n'kuwaphunzitsa, nthawi zina kudzera m'masewero, momwe angapemphere belo ndi momwe angadziyankhulire kukhothi. Amafufuza abale a womangidwa kuti akamuimire ngati mboni za belo, amasaka makolo a ana omangidwa, ndipo amakonza kuti majisitireti akakhale m'ndende momwemo n'kuona nkhani za anthu amene aiwalika. Mayiko ena a mu Africa ndi kunja adatengera njira imeneyi.

Ntchito yotere imamukhala bwino munthu wamkulu. Amene adaikapo maliro, adakhalapo nkhoswe, adakanganapo ndi landilodi, amadziwa kulowa pakhomo la eni ndi kuyankhula ndi amfumu. Amadziwanso kuti mayi amene akuti "palibe vuto" maso ali pansi ali ndi zambiri zomwe sadanene. Zimenezi sizipezeka m'buku lililonse la malamulo.

Zoti mudziwe kuyambira lero

Wofuna kudzatumikira anthu pa malamulo asadikire satifiketi kuti adziwe zinthu izi, chifukwa ndi zomwe anansi adzagogodera pakhomo pake usiku.

Munthu akamangidwa, gawo 42 likuti auzidwe chifukwa chake m'chilankhulo chomwe amamva. Ali ndi ufulu wokhala chete, ndipo asakakamizidwe kuvomera mlandu. Aonekere kukhothi pasanathe maola 48; ngati maolawo athera kunja kwa nthawi ya khothi, monga Loweruka, Lamulungu kapena tsiku la tchuthi, aonekere tsiku loyamba lomwe khothi likhale. Kupanda kutero, amasulidwe. Ali ndi ufulu wopempha belo, woonana ndi loya pawiri, ndi woyenderedwa ndi mkazi kapena mwamuna wake, m'bale, mtsogoleri wa chipembedzo kapena dokotala. Belo ya kupolisi ndi yaulere. Mwana, kutanthauza aliyense wosakwana zaka 18, asatsekeredwe pamodzi ndi akuluakulu. Kumenya kapena kuzunza womangidwa n'koletsedwa ndi gawo 19. Ndipo aliyense ndi wosalakwa mpaka khothi litamupeza wolakwa. Rimandi nayo ili ndi malire: masiku 30 pa milandu ya kwa majisitireti munthu asanayambe kuzengedwa, ndi masiku 90 pa milandu ikuluikulu ngati yakupha, pokhapokha khothi litawonjezera nthawi.

M'bale wanu akatengedwa, chinthu choyamba lembani tsiku ndi ola lomwe wamangidwa, polisi yomwe wapita, ndi dzina la wapolisi amene akuyendetsa nkhaniyo. Pitani ndi chitupa chanu cha unzika. Funsani mwaulemu mlandu womwe akumuganizira ndi tsiku lopita kukhothi. Kapepala kameneka kadzakuthandizani kuposa kukuwa pa kauntala.

Pa chuma cha masiye, lamulo la 2011 la Deceased Estates Act limaika patsogolo mkazi kapena mwamuna wotsala, ana, ndi ena amene ankadalira malemuyo. Katundu wa m'nyumba amatsalira wamasiye. Achibale amene amabwera ndi galimoto maliro asanazizire n'kunyamula mipando, mabedi ndi malata akupalamula mlandu womwe chilango chake chimafika zaka 10 m'ndende. Aliyense wa zaka 18 kupita m'tsogolo akhoza kulemba wilo n'kuisayina pamaso pa mboni ziwiri. Kulemba wilo si kuitana imfa, n'kuteteza ana.

Pa nkhanza za m'banja, lamulo la 2006 limapatsa wozunzidwa mwayi wopempha khothi chikalata choletsa womuzunzayo kupitiriza kapena kumuyandikira. Nkhanza si kumenya kokha. Kumana chakudya ndi ndalama, kuopseza ndi kunyoza kosalekeza zilinso m'gulu lomwelo. Kupolisi kuli ofesi ya Victim Support Unit yolandira nkhani zoterezi. Ukwati wa mwana wosakwana zaka 18 ndi woletsedwa; lamulo la maukwati la 2015 lidanena zimenezi, ndipo mu 2017 Nyumba ya Malamulo idasintha malamulo aakulu kuti agwirizane nalo.

Dandaulo lililonse lili ndi khomo lake. Wosowa ndalama yolipira loya apite ku Legal Aid Bureau, yomwe idakhazikitsidwa ndi lamulo la 2011 n'kuyamba ntchito mu 2015. Amene ofesi ya boma yamuchitira zosalungama apite kwa Ombudsman. Amene ufulu wake waphwanyidwa akhoza kupita ku Malawi Human Rights Commission kapena kukhothi, monga likunenera gawo 46. Wochotsedwa ntchito mopanda chilungamo ayambire ku ofesi ya leba, ndipo zikakanika nkhani imapita ku Industrial Relations Court. Wodandaula ndi khalidwe la apolisi ali ndi Independent Complaints Commission. Kungodziwa kulozera munthu khomo loyenera ndi thandizo lalikulu kale.

Anthu wamba amene adasuntha malamulo

Mayeso Gwanda ankagulitsa majumbo. Tsiku lina m'mwezi wa Malichi 2015 adalawirira mbandakucha kupita ku Limbe pa geni yake, apolisi n'kumugwira pa mlandu wa vakabu. Sadavomereze kuti kulawirira ndi mlandu. Nkhani yake idafika ku bwalo lalikulu, ndipo mu Januwale 2017 majaji adagamula kuti gawo 184(1)(c) la malamulo a zilango, lomwe apolisi ankamangira anthu ongoganiziridwa, likutsutsana ndi malamulo aakulu a dziko. Mavenda ndi onse oyenda m'mamawa adapindula ndi kulimba mtima kwa munthu mmodzi.

Gable Masangano, yemwe adali mkaidi, adasumira boma chifukwa cha kuthithikana ndi kuchepa kwa chakudya m'ndende. Mu 2009 khothi lidati kuthithikana kotere, m'zipinda zosalowa mpweya wokwanira, ndi nkhanza zosayenera munthu, ndipo lidalamula boma kuchepetsa chiwerengero cha akaidi. Ndende zathu ndi zodzazabe mpaka lero, zomwe zikutiphunzitsa kuti chigamulo chimafuna anthu ochilondola.

Mu 2007, pa mlandu wa Francis Kafantayeni ndi anzake, khothi lidathetsa lamulo loti aliyense wopezeka wolakwa pa mlandu wakupha aziphedwa basi, popanda jaji kumva zomwe zidachititsa. Kuyambira mu 2015 akaidi amene adali atagamulidwa kale adayamba kumvedwanso, ndipo oposa 100 adatuluka. Ntchito yaikulu idagwiridwa ndi ma paralegal amene adayenda m'midzi kukacheza ndi mafumu ndi abale, kufufuza mbiri ya mkaidi aliyense ndi kumva ngati mudzi ungamulandire.

Ndipo mu Meyi 2023, bwalo lalikulu la konkuno ku Zomba, pamaso pa Jaji Zione Ntaba, lidagamula kuti kukaniza ana a chipembedzo cha Rasta kulowa m'sukulu za boma chifukwa cha tsitsi lawo n'kuphwanya ufulu wawo wa maphunziro ndi wa chipembedzo. Makolo a anawo sadali anthu otchuka. Adangodziwa kuti gawo 25 likunena za anthu onse.

Udindo wa wodziwa malamulo

Walira mvula walira matope. Gawo 12 la malamulo aakulu likuti munthu aliyense ali ndi udindo kwa anzake, kwa banja lake, kwa anthu a m'dera lake ndi kwa dziko, ndipo alemekeze ena mopanda tsankho. Kwa amene wadziwako malamulo, udindowu umalemera kwambiri.

Woyamba ndi kudziwa malire anu. Amene alibe chiphaso asadzitche loya, asalipiritse anthu ngati loya. Kutero ndi mlandu. Tili ndi madobadoba okwanira amene amazungulira makhothi ndi mapolisi n'kumauza anthu osweka mtima kuti "bweretsani kangachepe tikaonane ndi bwana." Wopereka chiphuphu ndi wolandira onse ndi olakwa pamaso pa lamulo. Nkhani ikakukulirani, nenani poyera n'kumuperekeza munthuyo kwa oyenera.

Wachiwiri ndi kusunga chinsinsi. Zomwe mayi wakuuzani za m'nyumba mwake zisakamveke pa mjigo. Wothandiza anthu akangodziwika kuti ndi wa pakamwa, palibenso adzamufikire, ndipo nthawi zina mawu otayika amaika moyo wa wodandaula pachiswe.

Wachitatu ndi kuteteza ufulu wa amene simukumukonda. Pamsika pakamveka kuti "wakuba!", anthu n'kutola miyala ndi matayala, wodziwa malamulo ndi amene ayenera kuimba foni kupolisi ndi kukumbutsa anthu kuti woweruza ndi khothi. Chimodzimodzi gogo akamanenedwa za ufiti: lamulo la dziko lino limati kunena munthu kuti ndi mfiti ndiko mlandu. Kuima pamalo otere kumafuna mtima, koma ufulu womwe umateteza abale athu okha si ufulu wa anthu onse.

Wachinayi ndi kulemekeza amene mwawapeza. Mafumu, ankhoswe ndi atsogoleri a mipingo amathetsa mikangano yambiri kuposa makhothi, ndipo ntchito yawo ndi yofunika. Musapite kwa iwo ndi mwano wa sukulu. Khalani nawo pansi n'kugwirizana kuti nkhani za malire ndi kusamvana m'banja zikhoza kuthera pabwalo, koma kugwiririra, kugona ndi mwana ndi kuvulaza munthu ndi milandu ya kupolisi, yosathera pa mbuzi kapena nkhuku.

Poyambira mwezi uno

Fufuzani satifiketi zanu zakale muone pomwe muli. Pitani ku sekondale ya boma yomwe ili pafupi mukafunse za makalasi a open ndi nthawi yolembetsa mayeso. Pezani buku la malamulo aakulu a dziko, kulaibulale kapena pa intaneti, muziwerenga gawo limodzi la mutu 4 tsiku lililonse, n'kuyesa kulifotokoza m'Chichewa kwa wa m'nyumba mwanu. Mukatha kulifotokoza kwa agogo mpaka iwo n'kugwedeza mutu, ndiye kuti mwalimva.

Kenaka patulani m'mawa umodzi mupite kubwalo la majisitireti. Milandu yambiri imazengedwa poyera ndipo aliyense amaloledwa kumvera. Khalani pa benchi la kumbuyo. Mudzaona woimbidwa mlandu ataima yekha m'bokosi, wopanda loya, womasulira akumuwerengera mlandu mothamanga, iye n'kuyankha kuti "ndikuvomera" pofuna kuti zithe msanga, osadziwa kuti mawu amodziwo akhoza kumutengera zaka. Mudzaona mayi ake panja akufunsa aliyense wovala tayi kuti belo amapempha bwanji. Mukatuluka m'khothimo mudzakhala mutadziwa ngati ntchito imeneyi ndi yanu. Ngati ndi yanu, kalembetseni sukulu chaka chino, chifukwa anthu oima okha m'bokosi ndi ambiri, ndipo owafotokozera ufulu wawo m'chilankhulo chawo ndi ochepa.